Moto ndi Madzi pa Pepala Limodzi: Phunziro la Mitundu kwa Ana a ku Chunga

Mwana akabwera kuchokera ku sukulu manja ali bii ndi makala, yunifomu ili mathothomathotho ndi dothi lofiira, ambiri mwa ife makolo sitiyamba ndi kufunsa chimene waphunzira. Timayamba ndi kudandaula za sopo. Akationetsa pepala limene wajambula, timaliyang'ana pang'ono chabe, kenaka n'kufunsa kuti, "Nanga masamu wapeza zingati?" M'mawa mwake pepala lija limakolezera mbaula. M'maganizo mwathu kujambula ndi masewera, kantchito kamene aphunzitsi amapatsa ana pamene iwo atopa.

M'nkhani ino tikufuna tione phunziro limodzi la zojambula, lija lophunzitsa ana kusiyanitsa mitundu yotentha ndi mitundu yozizira, ndi mmene lingaphunzitsidwire ku malo onga Chunga, kumene bokosi la makrayoni limalimbirana ndalama ndi thumba la ufa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Phunziro limeneli limazoloweza mwana kudekha kotere, kuti aziona zinthu zimene ena amangozilambalala.

Malo amene anawa akukuliramo

Chunga ali kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Lusaka, moyandikana ndi Matero, Lilanda ndi George. Anthu a mbali zina za mzinda akamva dzinali amakumbukira zinthu ziwiri: manda, ndiponso dzala lalikulu kumene magalimoto amakakhuthula zinyalala za mzinda. Koma ku Chunga kulinso mabanja, misika, matchalitchi ndi masukulu, ndipo m'mawa uliwonse misewu yake imadzaza ndi ana opita kukaphunzira.

Mu Januwale 2022 boma linachotsa malipiro m'masukulu ake, ndipo chaka chomwecho linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Ana ambiri amene anali atakhala pakhomo chifukwa chosowa ndalama anabwerera m'kalasi. Ichi chinali chinthu chokondweretsa, komabe chinadzazitsa makalasi m'makomboni kotero kuti mphunzitsi mmodzi amayang'anizana ndi khamu la ana. M'kalasi yotere, phunziro loyamba kusiyidwa kawirikawiri ndi la zojambula, poti likuoneka ngati lofuna zipangizo zodula. Kodi n'zoona kuti popanda utoto wa m'sitolo mwana sangaphunzire za mitundu? Tisanayankhe, tiyambe tamvetsa chimene phunziroli limanena.

Kodi mtundu ungatenthe bwanji?

Akatswiri ojambula amagawa mitundu m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la mitundu yotentha: wofiira, wa lalanje ndi wachikasu. Imeneyi imatikumbutsa moto, dzuwa ndi makala oyaka. Gulu lachiwiri ndi la mitundu yozizira: wobiriwira, wabuluu ndi wapepo. Imeneyi imatikumbutsa madzi, mthunzi, msipu ndi thambo la m'bandakucha.

Mitundu yonseyi ili m'kuwala kwa dzuwa. Katswiri wa ku England, Isaac Newton, anaonetsa zimenezi m'zaka za m'ma 1660 pamene anadutsitsa kuwala m'galasi la nsonga zitatu, kuwalako n'kumwazika m'mitundu ya utawaleza. Utawaleza umene ana amauloza m'dzinja umachita zomwezo ndi madontho a mvula: wofiira umakhala kunja kwa uta, wapepo m'kati, ndipo mitundu yotentha imakhala mbali imodzi, yozizira mbali inayo.

Pali chinanso chimene ojambula anachizindikira kalekale. Pa chithunzi, mitundu yotentha imaoneka ngati ikubwera kwa woyang'ana, pamene yozizira imaoneka ngati ikuthawira kutali. Aliyense amene anayendapo pa msewu wa ku Chipata amadziwa kuti mapiri akutali amaoneka abuluu, chonsecho ukawafika umapeza mitengo yobiriwira ndi miyala. Mwana akadziwa chinsinsi chimenechi, angathe kujambula njira yopita patali pa pepala lafulati.

Chitsanzo chabwino chimakupiza pabwalo la sukulu iliyonse. Mbendera ya dziko lathu, imene anaikonza Mai Gabriel Ellison pa nthawi ya ufulu mu 1964, mbali yake yaikulu ndi yobiriwira, kuimira zomera ndi chuma cha m'nthaka yathu. Pangodya pali mizere itatu: wofiira wokumbutsa nkhondo ya ufulu, wakuda woimira anthu, ndi wa lalanje woimira miyala ya mtengo wapatali monga mkuwa. Pamwamba pa mizereyo pali nkhwazi ya lalanje. Nkhwaziyo ndi yaing'ono, koma diso limathamangira pomwepo chifukwa mtundu wotentha waikidwa pa mtundu wozizira.

Chinenero chathu chimadziwa kale

Ena angaganize kuti nzeru imeneyi ndi yachilendo. Tamverani mmene timalankhulira. Munthu akakwiya timati wapsa mtima, kapena kuti maso ake afiira. Mlandu ukavuta timati nkhani yatentha. Wina akatonthozedwa timati mtima wake wazizira. Makolo athu analumikiza kale moto, kufiira ndi ukali mbali imodzi, madzi, mthunzi ndi mtendere mbali inayo.

Komabe pali vuto limene mphunzitsi wanzeru sayenera kulilumpha. Chinyanja chili ndi mawu akale atatu otchulira mitundu: kuyera, kuda ndi kufiira. Mawu akuti kubiriwira ankagwira ntchito pa tsamba ndi pa thambo pomwe. Wachikasu tinautcha potengera muzu wa chikasu, wa lalanje potengera chipatso, ndipo buluu ndi pepo ndi mawu obwereka. Kuwonjezera apo, m'kalasi imodzi ya ku Chunga mungapezeke ana olankhula Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chinsenga kapena Chilenje kunyumba kwawo. Tsono mphunzitsi akangolemba maina a Chingerezi pa bolodi, ana amawaloweza ngati nyimbo, koma osagwira kanthu. Njira yabwino ndi kufunsa ana kuti, "Kwanu chinthu ichi mumati n'chotani?" Wina adzati chofiira ngati tomato, wina ngati njerwa, wina ngati nyama. Pamenepo ana amatulukira okha kuti kufiira kuli mitundumitundu, ndipo mawu awo amachuluka. Phunziro la zojambula lasanduka phunziro la chinenero.

Utoto wosagula

Makolo athu akale sanadikire sitolo kuti ajambule. M'mapanga a ku Thandwe ndi ku Mkoma, m'chigawo cha Kum'mawa, muli zithunzi zojambulidwa pa miyala. Ku Chongoni, m'boma la Dedza ku Malawi, kuli malo 127 otere, amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zithunzi zofiira, zimene ndi zakale kwambiri, amati anazijambula Akafula, ndipo zoyera zambiri anazijambula Achewa pa miyambo ya chinamwali ndi ya nyau. Utoto wake unali dothi. Mpaka lero amai a kumudzi amadziwa kumene kuli dothi lofiira, lakuda ndi loyera lokongoletsera makoma a nyumba. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mitundu yotentha njosavuta kupeza. Dothi la katondo kapena zidutswa za njerwa zoperedwa bwino zimapereka wofiira. Ufa wa chikasu wa kumsika umapereka wachikasu wowala. Makoko a anyezi owiritsidwa amapereka wachikasu wopita ku lalanje. Makala operedwa amapereka wakuda, ndipo zotsala za choko zimapereka woyera.

Mitundu yozizira imafuna kuganiza pang'ono. Masamba a chibwabwa, a bondwe kapena a mbatata, akasinjidwa ndi kufinyidwa m'kansalu, amapereka wobiriwira, ngakhale kuti pakapita masiku umasuluka. Mabulosi akupsa amapereka wapepo. Wabuluu ndiye wosowa m'chilengedwe, koma buluu wochapira zovala amagwira ntchito, ndiponso matelala a kumsika amakhala ndi tizidutswa ta vitenge timene ana angathe kumata pa pepala.

Kuti utoto umamatire, musakanize ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa kapena wa chimanga. Burashi ndi kamtengo kotafunidwa kunsonga, nthenga ya nkhuku, kapena chala chenichenicho. M'malo mwa pepala, makatoni a m'magolosale akwana.

Mmene phunziro lingayendere

Mphunzitsi ayambire panja. Atulutse ana kwa mphindi khumi, aliyense akapeze ndi maso chinthu chimodzi chomukumbutsa moto ndi china chomukumbutsa madzi kapena mthunzi. Nyengo iliyonse ili ndi zake. Mu Seputembala ndi Okutobala mitengo ya jakaranda imavala maluwa apepo pamene nthaka ili gwaa ndi dzuwa. Mvula ikayandikira mitengo ina imayaka ndi maluwa ofiira. M'dzinja paliponse pamabiriwira, ndipo mu Juni ndi Julayi udzu umauma, fumbi n'kumauluka. Pa msika palinso tomato, malalanje ndi mango pambali pa repu, kabichi ndi impwa.

Atabwerera m'kalasi, mphunzitsi agawe bolodi pakati. Mbali imodzi alembe kuti "Moto", inayo "Madzi". Mwana aliyense atchule chimene waona ndi kunena mbali imene chikuyenera. Mkangano ukabuka, usazimitsidwe msanga. Kodi nthochi yosapsa ili mbali iti? Nanga ikayamba kupsa? Mafunso otere amaphunzitsa mwana kupereka chifukwa cha yankho lake.

Kenaka ana akhale m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, gulu lililonse ndi tizitini take ta utoto. Mwana aliyense apinde pepala lake pakati ndi kujambula chinthu chimodzi kawiri: nyumba ya kwawo, mtengo, kapena mpopi wa madzi. Kumanzere apake mitundu yotentha yokhayokha, kumanja yozizira yokhayokha. Zithunzi zikauma azipachike pa chingwe, ndipo onse aime chapatali n'kuyang'ana. Mphunzitsi afunse: "Ndi nyumba iti imene ili masana? Ndi iti imene ili madzulo? Inu mungakonde kugona m'iti?" Ana amadabwa poona kuti nyumba imodzi yomweyo ikunena zinthu ziwiri.

Kwa ana okulirapo pali chodabwitsa china. Wiritsani zipatso zofiira za chidede, chimene ena amati lumanda. Madzi ake amakhala ofiira kwambiri. Mukathiramo chidulo kapena soda pang'ono, amasanduka obiriwira moderako. Mukafinyiramo ndimu, kufiira kumabwerera. Mtundu wotentha wasanduka wozizira ana akuona, ndipo mphunzitsi wapeza khomo lolowera ku sayansi: zinthu zowawasa ndi zinthu za chidulo zimasintha utoto wa m'zomera mosiyana.

Pomaliza mphunzitsi auze ana zoona zake, kuti kutentha kwa mtundu kuli m'maso ndi m'maganizo, sikupimika ndi dzanja. Lawi labuluu la chitofu cha gasi limatentha kuposa makala ofiira a pa mbaula. Chimene chimachititsa chinthu kutentha padzuwa ndi kuda kapena kuyera kwake. Ikani zitini ziwiri za madzi padzuwa, china chopakidwa mwaye, china choyera, ndipo pakatha ola limodzi ana agwire madziwo. A m'chitini chakuda adzakhala ofunda kuposa enawo. Mwana amene wayesa zimenezi adzamvetsa chifukwa chake malaya oyera amathandiza m'mwezi wa Okutobala.

Mwana amene amasokoneza mitundu

Phunziro limeneli lingathe kuvumbula chinthu chimene makolo ambiri sachidziwa. Pali ana amene amabadwa ndi maso osatha kusiyanitsa bwino wofiira ndi wobiriwira. John Dalton wa ku England, amene iye mwini anali ndi vutoli, analifotokoza mu 1794, ndipo dokotala wa ku Japan, Shinobu Ishihara, anakonza zithunzi zoyezera maso otere mu 1917, zimene zipatala zikugwiritsabe ntchito. Vutoli limayenda m'magazi, limadzera kwa mai, ndipo limagwira anyamata kwambiri kuposa atsikana. Pakati pa Azungu limapezeka pafupifupi mwa mwamuna mmodzi pa 12 alionse. Pakati pa anthu a mu Afirika chiwerengero n'chocheperapo, komabe alipo.

Mwana wotere akapaka masamba a mtengo utoto wofiirira, kapena akaika njerwa m'gulu la mitundu yozizira, anzake amamuseka ndipo mphunzitsi angamuyese wamwano kapena wopusa. Ena amalandira chikwapu chifukwa cha chinthu chimene sanachisankhe. Mphunzitsi akaona mwana akulakwitsa chimodzimodzi nthawi zonse, aitane makolo mwakachetechete ndi kuwalangiza kukayezetsa maso a mwanayo kuchipatala. Mankhwala ochiza vutoli palibe, koma kulidziwa msanga kumachotsa manyazi, ndipo kumathandiza posankha ntchito m'tsogolo, pakuti ntchito zina monga zoyendetsa ndege ndi sitima zimafuna diso losiyanitsa mitundu. M'kalasi, kulemba dzina la mtundu pa chitini chilichonse kumamuthandiza kugwira ntchito limodzi ndi anzake.

Zimene pepala lingaulule

Ana ena a m'makomboni aona zinthu zolemera kuposa msinkhu wawo. Mu 2024 kolera inachititsa kuti masukulu, amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale, atsegulidwe pa 12 Febuluwale, ndipo bwalo la masewera la National Heroes, limene silili kutali ndi Matero, linasanduka chipatala. Mabanja ena anataya okondedwa awo. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sadziwa kufotokoza mantha kapena chisoni ndi pakamwa, koma ukamupatsa mitundu ya moto ndi ya madzi, nthawi zina amanena ndi dzanja zimene lilime lakanika.

Apa pakufunika kusamala. Kholo kapena mphunzitsi asasanduke wam'ula, womasulira kuti mwana wopaka zofiira ndi waukali, wopaka zakuda ali ndi tsoka. Mwina utoto wofiira ndi umene unali pafupi. Chofunika ndi kukhala naye pansi ndi kunena kuti, "Tandiuza za chithunzi chakochi." Kenaka mvetserani osamudula mawu.

Chenjezo kwa makolo ndi aphunzitsi

Poti tanena za zipangizo zosagula, tiyenera kuchenjezana. Mwana asatumidwe ku dzala la Chunga kukatola zitini, mabotolo kapena makatoni. Kumeneko kuli magalasi osweka, utsi woipa ndi zonyansa zofalitsa matenda. Zonse zichokere kunyumba kapena kugolosale, zitatsukidwa bwino. Dothi likumbidwe kutali ndi zimbudzi ndi ngalande, madzi osungunulira utoto akhale aukhondo, ndipo ana asambe m'manja ndi sopo phunziro likatha.

Ana asagwiritse ntchito penti wotsala wa nyumba kapena wa magalimoto, ndiponso asaswe mabatire pofuna utoto wakuda. Penti wina ndi mabatire a galimoto amakhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono popanda chizindikiro choonekera msanga. Dziko lathu likudziwa ululu umenewu kudzera ku Kabwe, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma fumbi lake likuvutitsabe ana mpaka lero. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi njira imeneyi imafika kuti?

Si mwana aliyense amene adzakhala katswiri wojambula, monganso si aliyense wophunzira masamu amene amadzagwira ntchito ku banki. Komabe dziko lathu lili ndi zitsanzo. Henry Tayali, amene anabadwira ku Serenje mu 1943, luso lake linaonekera ali mnyamata ku Bulawayo. Anakaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku Düsseldorf m'dziko la Germany, nadzagwira ntchito pa Yunivesite ya Zambia, kumene chosema chake cha wophunzira womaliza maphunziro chikuimabe. Anamwalira mu 1987, ndipo nyumba yoonetsera zithunzi ya ku Showgrounds mu Lusaka imatchedwa ndi dzina lake. Ku Mua, m'dziko la Malawi, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, kumene anthu a m'midzi yozungulira anaphunzira kusema ndi kujambula, ntchito zawo n'kukafika m'matchalitchi ndi m'nyumba za m'maiko ambiri.

Ngakhale tisapite kutali, tayang'anani m'komboni mwathu momwe. Telala wosankha ulusi wogwirizana ndi chitenge, mnyamata wolemba zikwangwani za masitolo, wopaka nyumba, mai woyala tomato ndi ndiwo zamasamba pa thebulo kuti zikope ogula, onsewa amadya chifukwa cha diso lodziwa mitundu. Ngakhale m'tchalitchi mitundu imalankhula: wansembe amavala zapepo pa Adiventi ndi pa Lenti, nyengo za kudikira ndi kulapa, zofiira pa Pentekoste pokumbukira malilime a moto, ndi zobiriwira pa masabata wamba a chaka. Mwana amene waphunzira za mitundu adzafunsa chifukwa chake, ndipo funso lotero ndi chiyambi cha nzeru.

Mbali yathu ife makolo

Mphunzitsi wa kalasi yodzaza sangathe zonsezi yekha. Mutu umodzi susenza denga. Makolo angathe kusonkhanitsa makatoni, zitini zotsuka ndi tizidutswa ta nsalu kudzera m'komiti ya sukulu kapena m'magulu a amai. Agogo amene amadziwa kukongoletsa makoma ndi dothi angaitanidwe tsiku limodzi kudzaonetsa ana luso lawo. Kunyumba, phunziroli lingapitirire popanda kulipira ngwee: pamene mukukoleza mbaula, funsani mwana mitundu imene akuona m'malasha oyaka, pamene dzuwa likulowa, mufunseni kumene kufiira kwathera ndi kumene kubiriwira kwa thambo kwayambira.

Choposa zonse, chithunzi chimene mwana wabweretsa chipatsidwe malo pa khoma, ngakhale kwa mlungu umodzi wokha. Mlendo akabwera, muloleni mwanayo afotokoze yekha mbali ya moto ndi mbali ya madzi. M'mera mpoyamba. Mwana amene lero waphunzira kuyang'anitsitsa tsamba, njerwa ndi thambo la ku Chunga, n'kupeza mawu ozitchulira, adzayang'anitsitsanso chilembo, nambala ndi nkhope ya mnzake.